Kukonza ndi Kupewa Kuchucha kwa Oyilo pa Mafoloko a Njinga Yamoto Yoyenda m'Misewu Yoipa

Mafoloko a kutsogolo a njinga yamoto, amene amakaniko ambiri amawatchula kuti mashoko a kutsogolo, ndi mapaipi awiri olowetsana mbali iliyonse ya wilo, ndipo mkati mwake mumakhala sipuling'i ndi oyilo. Sipuling'i imanyamula kulemera kwa njinga ndi wokwera, pamene oyilo, pokakamizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndiye amaletsa njinga kudumphadumpha ikagunda mwala kapena ikagwera m'dzenje. Chimene chimasunga oyiloyo kuti asatuluke ndi labala wozungulira wotchedwa seal, amene mlomo wake wopyapyala umagwira paipi yonyezimira pamene paipiyo ikulowa ndi kutuluka kambirimbiri pa ulendo uliwonse. Pa njinga zoyenda pa tala seal imatha zaka osavuta, koma pa njinga zoyenda m'matope, mumchenga ndi m'miyala, kuchucha kwa oyilo ndi vuto limene mwini njinga aliyense amakumana nalo.

Anthu ambiri akaona oyilo pa foloko amathamangira kukagula seal yatsopano, koma kawirikawiri seal yakaleyo imakhala isanang'ambike n'komwe. Kamchenga kamodzi kamakhala kalowa pansi pa mlomo wake n'kuutukula pang'ono, ndipo oyilo wapeza njira, monga mmene kachitsotso kolowa m'diso kamatulutsira misozi diso lili bwinobwino. Ngakhale pamene seal yathadi, nthawi zambiri pamakhala chinthu china chimene chaiwononga, monga chipsera pa paipi kapena kutha kwa mabushi, timikombero tachitsulo timene mapaipi awiriwo amatsetserekerapo, ndipo mukaika yatsopano musanachotse chinthucho, nayonso idzachucha pakangopita maulendo ochepa.

Komabe kuchucha si konyalanyaza. Oyilo akachepa m'foloko imodzi, mbali imeneyo imafewa ndipo imafika pamapeto msanga, mwakuti njinga imavuta kuiwongolera m'malo a mabampu. Choopsa kwambiri n'chakuti oyilo wotsika ndi paipi amafika pa disiki ndi pa mapadi a buleki ya kutsogolo, ndipo mapadi akamwa oyilo sagwiranso ngakhale mutafinya buleki ndi mphamvu zanu zonse. Njinga imene oyilo wake wafika pa buleki isakweredwe mpaka itakonzedwa.

Zindikirani mtundu wa mafoloko anu

Pa mafoloko a mtundu wakale, paipi yonyezimira imakhala pamwamba, yopanidwa pafupi ndi mahandulo, ndipo imalowa m'paipi yonenepa ya aluminiyamu imene imagwira ekiselo, chitsulo chodutsa pakati pa wilo. Mtundu umenewu umapezeka pa njinga zantchito monga Yamaha AG200, DT125 ndi XTZ125, ndipo nthawi zambiri paipi yonyezimirayo imakutidwa ndi labala wopindikapindika. Mtundu winawo ndi wotembenuza: paipi yonenepa ndiyo ili pamwamba, yonyezimira ili pansi pafupi ndi wilo. Umu ndi mmene alili mafoloko opangidwa ndi KYB, Showa ndi WP pa njinga zampikisano za masiku ano, ndipo ambiri a iwo paipi yake yonyezimira ndi ya mamilimita 48. Kusiyanaku n'kofunika chifukwa pa foloko yotembenuza oyilo amatsamira pa seal nthawi zonse, motero imatha kudontha ngakhale njinga itangoima usiku wonse, pamene pa foloko ya mtundu wakale oyilo amakhala m'munsi mwa seal ndipo kuchucha kumaoneka njinga ikayenda, pamene paipi imabwera ndi mkombero wonyowa wokhala ndi fumbi.

Fufuzani gwero la vuto

Tsukani kutsogolo konse kwa njinga ndipo pukutani mapaipi mpaka aume. Gwirani buleki ya kutsogolo, kankhirani mahandulo pansi mwamphamvu kangapo, kenako yang'anani paipi. Kunyezimira pang'ono kwa oyilo kumene sikunyowetsa chala si vuto, makamaka ngati maseal ndi atsopano ndipo anapakidwa girisi powaika. Mkombero wooneka bwino umene ukubwereranso mukapukuta, kapena dontho lotsetsereka, ndiye kuchucha kwenikweni. Onetsetsaninso kuti madzi amene mukuwaonawo akuchokeradi pa seal, chifukwa mafuta a buleki ochokera pa caliper, chitsulo chimene chimafinyira mapadi pa disiki, kapena oyilo wotuluka pa bawuti ya kunsi kwa foloko, amanyowetsa malo omwewo.

Tsopano ikani njinga pa sitandi yoti wilo la kutsogolo lilende m'mwamba, kuti mafoloko atambasuke mpaka pamapeto. Yendetsani chikhadabo pa paipi yonse yonyezimira, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, chifukwa chikhadabo chimamva chipsera chimene diso silingachione msanga. Mukatero gwirani mafoloko onse awiri cha ku ekiselo ndipo muwakoke ndi kuwakankha. Kugwedera kumene kukumveka pamene mapaipi awiri akumana kukutanthauza kuti mabushi atha, pamene kugwedera kochokera pansi pa mahandulo ndi kwa maberingi a chiwongolero, imene ndi ntchito ina. Paipi ikakhala yosalala ndipo mabushi asakugwedera, yambani ndi kutsuka seal.

Kutsuka seal osamasula foloko

Ngati pali chotchinga cha pulasitiki kutsogolo kwa paipi, chichotseni, ndipo ngati pali labala wopindikapindika, masulani chomangira chake n'kumukankhira kutali. Tsukani malo onse ozungulira seal ndi madzi a sopo ndi burashi yofewa, kenako pukutani. Musadumphe zimenezi, chifukwa mukatsegula malowo akadali akuda, dothi limene mukufuna kuchotsa ndi lomwe mudzalilowetse mkati.

Seal imene ikuoneka kunja si imene imasunga oyilo. Imeneyo ndi seal ya fumbi, ndipo ya oyilo ili kuseri kwake, yogwidwa ndi kilipi ya waya. Lowetsani nsonga ya sikuludiraiva yafulati pakati pa m'mphepete mwa seal ya fumbi ndi paipi yonenepa, ndipo muitukule pang'onopang'ono mukusuntha mozungulira, osaumiriza malo amodzi. Nsonga ya sikuludiraiva isaloze ku paipi yonyezimira, chifukwa ikangoterereka kamodzi idzasiya chipsera chodula kukonza kuposa vuto limene munali nalo. Seal ya fumbi ikatuluka, itsetsereseni kutali, pukutani mkati mwake, ndipo chotsani matope onse amene asonkhana pakati pa maseal awiriwo.

Chida chofunika apa ndi kapulasitiki kopyapyala kokhala ndi ngowe kumapeto. Pali zida zopangidwa kale monga Seal Mate ndi Seal Doctor, koma mutha kudula chanu kuchokera ku mbali yosalala ya botolo la pulasitiki kapena ku filimu yakale ya kamera, chotalika masentimita pafupifupi 10, ndipo m'mphepete mwake muzisalaze bwino kuti musakhale timinga. Ena amagwiritsa ntchito kachitsulo kopyapyala koyezera mipata ya mavalavu. Kamagwira ntchito ndithu, koma chitsulo chimadula mlomo wa labala mosavuta, motero pulasitiki ndi yabwino koposa.

Nyowetsani kapulasitikiko ndi oyilo wa foloko, kagonekeni pa paipi yonyezimira, ndipo kalowetseni mofatsa pakati pa paipi ndi mlomo wa seal ya oyilo mpaka ngowe italowa yonse. Kayendetseni mozungulira paipi yonse, ngowe ili kutsogolo, mukukakokera kunja pang'onopang'ono kuti ngoweyo izikoka dothi kulitulutsa osati kulikankhira mkati. Oyilo adzatuluka pamene mukuchita zimenezi, ndipo musadabwe nazo, chifukwa oyiloyo ndi amene akuthandiza kutsuka mlomo wa seal. Pukutani kapulasitikiko ndi paipi, ndipo bwerezaninso kawiri kapena katatu mpaka ngowe izituluka yopanda mchenga.

Tsitsani njinga pa sitandi, gwirani buleki, ndipo pondani mafoloko mwamphamvu ka 10 kapena ka 15. Pukutani paipi, pondaninso, pukutaninso. Poyamba oyilo wotsalira adzaonekabe, koma ngati vuto linali dothi, paipi idzayamba kubwera youma pamene mlomo wa seal wabwerera m'malo mwake. Pakani girisi wochepa kwambiri mkati mwa seal ya fumbi ndipo muibwezere m'malo mwake ndi zala. Ngati mwatsuka kawiri kapena katatu koma mkombero wa oyilo ukubwererabe, ndiye kuti seal yang'ambika kapena yauma ndi ukalamba, ndipo iyenera kusinthidwa. Kumbukiraninso kuti kutsuka sikubwezera oyilo amene anatayika kale, choncho foloko imene yakhala ikuchucha kwa masabata iyenera kutsegulidwa kuti muyeso wa oyilo ukonzedwe.

Kusintha seal

Sinthani maseal a mafoloko onse awiri nthawi imodzi ngakhale ikuchucha ndi imodzi, chifukwa maseal onse ndi amsinkhu umodzi, ndiponso oyilo watsopano mbali imodzi ndi wakale mbali inayo sagwira ntchito mofanana. Mufunika maseal a oyilo awiri, a fumbi awiri, mabushi, oyilo wa foloko, masipanala okwana bwino, torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti), chida chokhomera seal, sirinji yokhala ndi kapaipi, nsalu zoyera ndi buku la njinga yanu. Pogula seal musangoyang'ana kunenepa kwa paipi. Seal ili ndi manambala atatu, a mkati, a kunja ndi a kutalika kwake, ndipo mafoloko awiri a mamilimita 43 akhoza kusiyana, ina n'kufuna ya 43 x 54 x 11 pamene ina ikufuna ya mamilimita 55 kunja kwake. Maseal a makampani odziwika monga NOK ndi SKF ndi okwererapo mtengo, koma ntchito yomasula foloko ndi yaikulu kwambiri moti si nzeru kuibwereza chifukwa cha labala wotchipa.

Musanamasule chilichonse, yezani ndi kulemba kutalika kwa mbali ya foloko imene yatulukira pamwamba pa chopanira cham'mwamba, chimodzi mwa zitsulo ziwiri zimene zimapana mafoloko pansi pa mahandulo. Ngati mafoloko anu ali ndi timasikuluwu tosinthira kulimba kwake, titembenuzeni mofatsa ngati mukumanga mpaka titaima, mukuwerenga kulira kulikonse, lembani chiwerengerocho, kenako timasuleni mpaka pamapeto. Tulutsani mpweya pomasula kasikuluwu ka mpweya kamene kali pa chotsekera cha pamwamba pa foloko. Mafoloko ena, monga WP AER 48, alibe sipuling'i yachitsulo ndipo amaima ndi mpweya wopopedwa kufika pafupifupi 10 bar pa geji yoyezera mpweya, choncho mpweya wonsewo uyenera kutulutsidwa foloko isanatsegulidwe.

Masulani mabawuti a chopanira cham'mwamba okha, kenako tembenuzani chotsekera cha pamwamba pa foloko pang'ono kuti chingomasuka, chopanira cham'munsi chikadali chomanga. Anthu ambiri amaiwala zimenezi, n'kupeza kuti foloko ili m'manja ndipo palibe chimene chikuigwira kuti chotsekera chimasuke. Chotsani caliper ndipo muimangirire ndi waya kuti isalendewere pa paipi yake ya mafuta. Chotsani wilo, kenako masulani chopanira cham'munsi dzanja lina litagwira foloko kuti isagwe. Mukafuna kuipana pa vaisi, panani pamalo ogwira ekiselo, mutaika timatabwa kapena aluminiyamu pakati, ndipo musapane paipi iliyonse mwa awiriwo.

Katsegulidwe kamasiyana malinga ndi zimene zili mkati. Pa foloko ya mtundu wakale, yambani ndi kumasula pang'ono bawuti ya kunsi imene imagwira ndodo ya mkati, chotsekera chisanachotsedwe, chifukwa mphamvu ya sipuling'i imathandiza kuti ndodoyo isamazungulire limodzi ndi bawuti. Pochotsa chotsekera chikanikizeni ndi dzanja, popeza sipuling'i imachikankha ndipo chikhoza kukuthawani. Tulutsani sipuling'i, onani mbali imene inali pamwamba, khuthulani oyilo, ndipo malizani kuchotsa bawuti ija. Pa foloko yotembenuza yokhala ndi cartridge (kapaipi ka mkati mmene ndodo imakankha oyilo) yotseguka, mukamasula chotsekera tsitsani paipi yonenepa, kokerani sipuling'i pansi, gwirani nati ya pa ndodo ndi sipanala yopyapyala, ndipo masulani chotsekera kuchoka pa ndodoyo. Popani ndodo kangapo foloko ili chozondoka kuti oyilo yense atuluke. Pa foloko yokhala ndi cartridge yotsekedwa, imene ili ndi zipinda ziwiri za oyilo, mumakhuthula oyilo wa chipinda chakunja, n'kumasula chosinthira cha kunsi, n'kupanikiza foloko kuti ndodo itulukire pansi, n'kuigwira ndi kachitsulo kokhala ndi mpata pamene mukulekanitsa ziwirizo. Chipinda chamkati sichifunika kutsegulidwa kuti seal isinthidwe.

Tsopano tukulani seal ya fumbi monga tafotokozera kale, ndipo chotsani kilipi ya waya ndi sikuludiraiva yaing'ono. Gwirani paipi imodzi m'dzanja lililonse, ilowetseni pang'ono, kenako ikokeni mwamphamvu ndi mwadzidzidzi. Bwerezani kangapo, ndipo bushi ya mkati idzagunda inzake n'kukankha washa ndi seal mpaka mapaipi atalekana. Zikakanika, tenthetsani pang'ono paipi yonenepa pamalo pamene pali seal ndi mpweya wotentha, chifukwa aluminiyamu imafufuma msanga ikatentha. Chotsani zonse pa paipi yonyezimira ndipo muziyale pa nsalu yoyera motsatana monga mmene zinalili.

Apa ndi pamene muyenera kufatsa kwambiri, chifukwa apa ndi pamene mudzadziwe chimene chinapha seal yakale. Mabushi amakutidwa ndi pulasitiki yoterera yotuwa yotchedwa Teflon, imodzi kunja kwake ndipo inayo mkati mwake. Ngati mtundu wa mkuwa ukuonekera, kapena ngati tizitsulo ndi mchenga zalowerera m'chokutiracho, mabushiwo atha. Mabushi otha amalola paipi kupendekera mbali imodzi, ndipo mlomo wa seal umapanikizika uku n'kutseguka uko. Oyilo wotuwa kapena wakuda ngati matope akusonyeza kuti aluminiyamu ya mkati yakhala ikupalika, choncho tsukani mapaipi onse bwinobwino ndi kuwaumitsa.

Mwala ukagunda paipi yonyezimira umasiya kadzenje kokhala ndi m'mphepete motukuka, ndipo m'mphepete mmenemo ndi mmene mumadula labala. Salazani malo okhawo ndi kamwala konolera kosalala kwambiri kapena sandipepa ya nambala 800 mpaka 1200 yonyowetsedwa ndi oyilo. Palani mozungulira paipi, osati motsata kutalika kwake, chifukwa mzere wotsata kutalika umasanduka njira ya oyilo pansi pa seal. Siyani pamene chikhadabo sichikukodwanso. Kadzenje kozama kapena dzimbiri lofalikira pamalo pamene seal imayenda sizingathe ndi sandipepa. Ena amadzaza kadzenjeko ndi guluu wa epoxy n'kusalaza, ndipo zimathandiza kwa kanthawi, koma mapeto ake paipiyo imafuna kukutidwanso mwatsopano kapena kusinthidwa. Igubuduzeninso pa galasi kapena pa tebulo losalala kuti muone ngati ndi yopindika. Mabuku ambiri amapereka malire a mamilimita 0.2, ndipo paipi yopindika kupitirira apo singasunge seal iliyonse.

Mapeto a paipi yonyezimira ndi mpata wokhalamo bushi zili ndi m'mphepete mwakuthwa, ndipo maseal ambiri atsopano amawonongeka pamenepa asanagwire n'komwe ntchito. Vekani mapetowo kapepala ka pulasitiki kopyapyala kapena tepi, ndipo pakani oyilo wa foloko pamwamba pake ndi pa milomo ya maseal. Pa foloko yotembenuza, lowetsani seal ya fumbi poyamba, kenako kilipi, seal ya oyilo, washa ndi bushi yakunja, ndipo mukachotsa kapepalako ikani bushi yamkati mumpata wake, mukuitsegula ndi zala pang'ono pokha poti ilowe. Pa foloko ya mtundu wakale, bushi yamkati imayamba, paipi imalowa m'malo mwake, bawuti ya kunsi imamangidwa ndi washa yamkuwa yatsopano, ndipo zotsalazo zimatsikira kuchokera pamwamba. Mbali yotseguka ya seal ya oyilo, imene muli kasipuling'i kozungulira, imayang'ana kumene kuli oyilo, ndipo mbali yolembedwa manambala imayang'ana ku seal ya fumbi. Seal yoikidwa chozondoka imachucha tsiku lomwelo.

Khomani bushi yakunja poyamba, washa ili pamwamba pake, mpaka itakhala. Kenako khomani seal ya oyilo ndi chida chokhomera cha kukula koyenera. Ngati mulibe chidacho, paipi ya PVC yokwana bwino, yong'ambidwa pakati motsata kutalika n'kumangidwa ndi tepi mozungulira paipi yonyezimira, imagwira ntchito, makamaka mukaika seal yakale pakati kuti ndiyo izilandira nkhonya. Musakhome ndi sikuludiraiva kapena ndi msomali, chifukwa mkati mwa labalayo muli chitsulo chimene chimapindika. Seal ikafika pamapeto kulira kwake kumasintha, ndipo mpata wa kilipi umaoneka wonse mozungulira. Ikani kilipi, onetsetsani kuti yalowa mbali zonse, ndipo malizani ndi seal ya fumbi.

Oyilo ndi kubwezera mafoloko pa njinga

Thirani oyilo wopangidwira mafoloko, wa kulemera kumene buku likutchula, monga 5W kapena 10W. Manambala amenewa safanana kwenikweni pakati pa makampani, choncho mukapeza mtundu umene ukukuyenderani bwino, musamausinthesinthe. Muyeso umaperekedwa m'njira ziwiri. Pa mafoloko a zipinda ziwiri, chipinda chakunja chimayezedwa ndi mamililita, nthawi zambiri pakati pa 300 ndi 400. Pa mafoloko ena mumayeza mpata wa mpweya kuchokera pamlomo wa paipi kufika pa oyilo, sipuling'i itachotsedwa ndipo foloko itapanikizidwa yonse, ndipo pa mafoloko ambiri otembenuza mpatawu umakhala pakati pa mamilimita 100 ndi 130. Popani ndodo ya mkati pang'onopang'ono mpaka izilimba mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba ndipo thovu lisiye kutuluka, dikirani mphindi 10, kenako yamwani oyilo wopitirira ndi sirinji. Musawonjezere oyilo poganiza kuti wambiri ndiye wabwino, chifukwa oyilo akachuluka mpweya umachepa, foloko imauma, ndipo mphamvu yokankha seal imakula.

Bwezerani sipuling'i ndi chotsekera, ikani mafoloko m'zopanira pa kutalika kumene munalemba, mbali zonse mofanana, ndipo mangani chopanira cham'munsi, kenako chotsekera, kenako chopanira cham'mwamba. Mabawuti a zopanira samangidwa ndi mphamvu zambiri. Pa njinga zambiri muyeso wake uli pakati pa 12 ndi 23 Nm pa torque wrench, ndipo pa foloko yotembenuza chopanira cham'munsi chikamangidwa mopitirira chimafinya paipi pamalo pamene bushi imadutsa.

Kamangidwe ka ekiselo ndi kamene kamawononga maseal ambiri atsopano mwakachetechete. Ikani wilo, mangani nati ya ekiselo ndi mabawuti opanira a mbali ya natiyo, koma a mbali inayo muwasiye omasuka. Bwezerani caliper, tsitsani njinga, gwirani buleki ndipo pondani mafoloko kangapo kuti mwendo womasukawo utsetsereke pa ekiselo n'kudzipezera malo ake. Mukatero mangani mabawuti otsalawo. Mukamanga zonse nthawi imodzi, miyendo iwiri imakhala yotagadza kapena yopanikizana, foloko imalimba, ndipo bushi ndi seal zimadyeka mbali imodzi. Bwezerani timasikuluwu tosinthira pa chiwerengero chimene munalemba. Tsukani disiki ndi mankhwala otsukira mabuleki, ndipo ngati mapadi ananyowa ndi oyilo, asintheni, chifukwa oyilo amalowerera mkati mwake ndipo amatulukanso mapadi akatentha. Finyani buleki kangapo mpaka italimba musanakwere.

Kupewa

Mdani wamkulu wa seal ndi matope ouma. Matope onyowa seal ya fumbi imawapala mosavuta, koma akaumira pa paipi pamene njinga yaima, bampu yoyamba imawakankhira mkati ali olimba. Choncho pukutani mapaipi mukangofika, ndiponso musananyamuke ngati munaima kwa kanthawi pakati pa ulendo wa m'matope. Potsuka ndi makina opopera madzi mwamphamvu, musalozetse madziwo pa seal, chifukwa amatukula mlomo wake n'kulowetsa madzi ndi mchenga. Pakapita maulendo angapo tsitsani maseal a fumbi ndi kupukuta kuseri kwake, imene ndi ntchito ya mphindi zochepa. Girisi akhale wochepa, makamaka m'malo a mchenga, popeza girisi wambiri amagwira mchenga n'kuusunga pafupi ndi seal.

Mafoloko amasonkhanitsa mpweya mkati akamagwira ntchito, akatentha, kapena mukakwera nawo m'mapiri. Musanayambe ulendo, mafoloko ali ozizira ndipo wilo lili m'mwamba, masulani kasikuluwu ka mpweya pachotsekera, dikirani mpweya utuluke, ndipo mukamangenso mofatsa kuti kalabala kake kasadukane. Mukachita zimenezi wilo lili pansi, mkati mumatsala mpweya wochepa kuposa woyenera.

Zotchinga za pulasitiki za pa mafoloko otembenuza zikasweka, zisintheni msanga, chifukwa ndizo zimalandira miyala. Labala wopindikapindika wa pa mafoloko akale amateteza bwino kwambiri akakhala wathunthu, koma akang'ambika amasunga madzi ndi mchenga mkati mwake, ndipo paipi imachita dzimbiri mwini wake asakuona. Timabowo topumira ta kunsi kwake tikhale totseguka. Zokutira za labala wofewa wotchedwa neoprene zimene ena amaveka pa maseal zimathandiza tsiku la matope, koma zikapanda kuvulidwa ndi kuchapidwa zimakhuta mchenga n'kuyamba kupala paipi.

Oyilo wa foloko amakalamba ngakhale asakuchucha, ndipo tizitsulo timene amanyamula timadya mabushi ndi mlomo wa seal kuchokera mkati. Mabuku a njinga zampikisano amawerengera nthawi yosinthira m'maola okwera, nthawi zambiri makumi angapo monga 30 kapena 40, pamene njinga zantchito zimatha nthawi yaitali kuposa apo. Njinga ikamaima kwa miyezi, pakani oyilo wochepa pa mapaipi onyezimira kuti dzimbiri lisayambe.

Pali mkangano wakale pa nkhani yonyamula njinga pa galimoto itamangidwa ndi zingwe. Ena amati kupanikiza mafoloko ndi zingwe kumaphulitsa maseal. Seal yabwino singaphulike motero, chifukwa njinga ikadumpha n'kutera imakumana ndi mphamvu yoposa pamenepo, koma seal imene ili kale ndi kamchenga pansi pa mlomo imatulutsa oyilo wambiri ikapanikizidwa kwa maola. Ikani kathabwa kapena chida chopangidwira ntchitoyi pakati pa tayala ndi madigadi kuti zingwe zilimbe mafoloko asanatsike kwambiri, ndipo masulani zingwezo mukangofika.

Njinga ikagwa mwamphamvu, mafoloko amatha kupotoka m'zopanira ngakhale palibe chimene chapindika, ndipo chizindikiro chake n'chakuti mahandulo saloza kumene wilo likuloza. Ikani njinga pa sitandi, masulani mabawuti a chopanira cham'munsi ndi opanira ekiselo koma a chopanira cham'mwamba muwasiye omanga, wongolani wilo, tsitsani njinga ndi kuponda mafoloko mofatsa kangapo, kenako mangani zonse ndi torque wrench pa muyeso wa m'buku, ndipo yendetsaninso chikhadabo pa mapaipi onse awiri musanapitirize ulendo.